Katemera wa makanda amene akuluakulu amathiridwa m'chikhodzodzo

Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi kachipsera pamkono, chakumtunda pafupi ndi phewa. Ndi chizindikiro cha BCG, katemera wa chifuwa chachikulu amene anamwino amabaya khanda likangobadwa, mayi asanatuluke n'komwe m'chipatala. Tinazolowera kumutenga ngati katemera wa ana basi. Koma m'zipatala zikuluzikulu za ku Toronto, London, Tokyo ngakhalenso Johannesburg, muli zipinda zimene abambo aimvi amapitako mlungu ndi mlungu kukalandira BCG yemweyo, osati pamkono koma m'chikhodzodzo. Namwino amalowetsa kachubu m'njira ya mkodzo, n'kuthiramo madzi okhala ndi tizilombo tamoyo mamiliyoni mazana angapo, wodwalayo n'kuwasunga m'kati kwa maola awiri. Safuna kumuteteza ku TB. Amafuna kuti khansa imene dokotala wa opaleshoni wapala m'chikhodzodzomo isamerenso.

Njirayi inadziwika mu 1976, ndipo mpaka lero ndiyo ili patsogolo kwa odwala amene khansa yawo ndi yaukali koma sinazike mizu. Mawu omalizawa ndi amene akutikhudza ife. Chithandizochi chimagwira ntchito pokhapokha matenda akapezeka akadali pamwamba, ndipo kwathu kuno anthu ambiri amafika kuchipatala nthawi imeneyo itadutsa kale.

Chikhodzodzo ndi thumba la mnofu. M'kati mwake muli kakhungu kopyapyala kamene kamakhudzana ndi mkodzo usana ndi usiku, pansi pa kakhunguko pali kanyama kofewa, kenaka pamabwera mnofu wokhuthala umene umafinya mkodzo munthu akamakodza. Poizoni aliyense amene impso zasefa m'magazi amakakhala maola angapo m'thumba limeneli. N'chifukwa chake utsi wa fodya, umene ambiri amangouopera mapapo, ndiwo umayambitsa pafupifupi theka la khansa za m'chikhodzodzo m'mayiko a ku Ulaya ndi America. Mu 1895 dokotala wa ku Frankfurt, Ludwig Rehn, anaona kale kuti antchito a m'fakitale ya utoto ankadwala nthendayi mochuluka modabwitsa. Pa dziko lonse, m'chaka cha 2022 anthu oposa 600,000 anapezeka nayo, ndipo amuna amachuluka kuposa akazi katatu kapena kanayi.

Mwa odwala anayi alionse a m'mayiko olemera, atatu amapezeka chotupa chisanafike pamnofu. Madokotala amachilemba Ta chikakhala pakakhungu pokha, ndipo T1 chikalowa m'kanyama kofewa kaja. Pali mtundu wachitatu, CIS, umene sutukuka n'komwe. Umangooneka ngati kachigamba kofiira, koma ndi wankhanza kuposa mmene umaonekera. Zonsezi amazichotsa popanda kung'amba mimba. Wodwala akagonekedwa, dokotala amalowetsa chipangizo chokhala ndi kamera ndi kawaya kamagetsi m'njira ya mkodzo, n'kumapala chotupacho pang'onopang'ono mpaka kufika panyama yabwino. Patapita tsiku limodzi kapena awiri munthu amabwerera kwawo, chikhodzodzo chake chili chomwecho.

Vuto limabwera pambuyo pake. Khansa imeneyi imakonda kubwerera. Bungwe la ku Ulaya lofufuza za khansa, EORTC, linawerengera mu 2006 kuti pa zaka zisanu chotupa chimamereranso odwala 31 mpaka 78 mwa 100, malinga ndi kukula kwake, kuchuluka kwake ndi ukali wake. Zifukwa zake ndi ziwiri. Popala chotupa, maselo ena amayoyoka n'kumayandama m'madzi, kenaka n'kukamatirira pabala kapena pamalo ena, monga zimachitira njere za chisoso munthu akachizula chitakhwima. Chachiwiri n'chakuti poizoni amene anawononga malo amodzi anasambitsa kakhungu konse, choncho malo ooneka abwinobwino amakhala atayamba kale kusokonekera.

Apa m'pamene chikhodzodzo chili ndi mwayi umene mapapo kapena chiwindi zilibe. Chili ndi khomo lotulukira kunja, ndipo kakhungu kake kanalengedwa kuti kasamalole zinthu za mumkodzo kubwerera m'magazi. Dokotala angathe kuthiramo mankhwala amphamvu kwambiri, akhudze malo onse odwala, kenaka atuluke ndi mkodzo, ochepa chabe ndi amene amalowa m'thupi. Tsitsi silithothoka, kusanza kosalekeza kulibe, magazi sachepa monga zimachitikira ndi mankhwala a khansa a m'dripi.

Mabotolo asanu ndi limodzi

Mbiri ya BCG inayambira ku Lille, kumpoto kwa France. Albert Calmette, dokotala wa anthu, ndi Camille Guérin, dokotala wa ziweto, anatenga kachilombo ka TB ya ng'ombe n'kumakaweta pa tizidutswa ta mbatata ya kachewere tonyikidwa mu ndulu ya ng'ombe ndi glycerine. Pakatha milungu itatu ankakasamutsira pambatata yatsopano. Anachita zimenezi ka 230, kuyambira 1908 mpaka 1921, osaleka ngakhale nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati ndipo mzinda wawo uli m'manja mwa asilikali a Germany. Pomaliza kachilomboko kanafooka moti sikankadwalitsanso nyama, koma thupi linkakazindikirabe n'kudzuka kulimbana nako. Mu 1921 khanda loyamba linamwetsedwa katemerayu ku Paris.

Ganizo loti TB ndi khansa sizigwirizana linabwera mu 1929, pamene Raymond Pearl wa ku Johns Hopkins ku Baltimore analemba kuti mitembo ya anthu amene anali ndi TB sinkapezeka kawirikawiri ndi khansa. Kawerengedwe kake kanali ndi zolakwika ndipo anzake anamutsutsa, koma ganizolo silinafe. Mu 1959 Lloyd Old wa ku New York anasonyeza kuti mbewa zobayidwa BCG zinkalimba ku zotupa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Berton Zbar, pofufuza pa mbira, anapeza zofunika kuti BCG agonjetse chotupa: tizilombo tikhale tamoyo ndi tokwanira, tikhudzane ndi chotupacho mwachindunji, chotupacho chikhale chaching'ono, ndipo chitetezo cha m'thupi chikhale cholimba. Anthu ambiri anayesa BCG pa khansa ya m'magazi, ya m'mapapo ndi zina, koma sizinaphule kanthu, ndipo ambiri anagwa mphwayi.

Amene anaona kuti chikhodzodzo chopalidwa kumene chikukwaniritsa zonse zimene Zbar ananena anali Alvaro Morales, dokotala wobadwira ku Colombia amene ankagwira ntchito ku Queen's University mumzinda wa Kingston ku Canada. Atapempha ndalama za kafukufuku, bungwe lina loona za khansa m'dzikomo linamukaniza, ati njirayo ndi yoopsa ndi yachikale. Anapeza thandizo kwina, ndipo mu 1976 anafalitsa zotsatira za odwala 9 okha, amene zotupa zawo zinali zitazolowera kubwerera. Atathiridwa BCG, kubwererako kunachepa kwambiri.

Pali kanthu kamodzi m'nkhaniyi kamene ndimakakonda chifukwa kamaonetsa mmene nzeru za chipatala zimakhazikikira nthawi zina. Morales ankathira mankhwalawa kamodzi pa mlungu kwa milungu isanu ndi umodzi. Anasankha mlungu chifukwa ululu wa m'chikhodzodzo unkatha pa masiku ochepa. Koma nambala ya 6 inachokera ku bokosi: katemera amene ankalandira kuchokera ku Institut Armand-Frappier ku Montreal ankapakidwa mabotolo asanu ndi limodzi. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti chitetezo cha m'thupi chimafunikadi milungu ingapo kuti chidzuke mokwanira, ndipo mpaka lero dziko lonse limayamba ndi milungu 6.

Donald Lamm wa ku America anatsimikizira zotsatirazi mu 1980 poyerekeza magulu awiri a odwala, ndipo mu 1990 bungwe la ku America loona za mankhwala, FDA, linavomereza chithandizochi. Lamm yemweyo anatsogolera kafukufuku wofalitsidwa mu 2000 amene anaonetsa kuti kupitiriza kuthira kumathandiza: milungu itatu yotsatizana pa mwezi wachitatu, wachisanu ndi chimodzi, kenaka miyezi 6 iliyonse mpaka zaka zitatu. Theka la amene anapitiriza linatha miyezi pafupifupi 77 chotupa chisanabwerere, pomwe kwa amene analekera pa milungu 6 inali miyezi pafupifupi 36. Koma odwala 16 okha mwa 100 ndi amene anamaliza ndondomeko yonseyo, ndipo zimenezi zikutiuza kanthu za ululu wake.

BCG saipha yekha khansayo. Tizilomboti timamatirira pakakhungu, makamaka pamene pali bala, maselo a khansa ndi abwino omwe n'kutimeza. Thupi limaona kuti mwalowa mdani ndipo limatumiza asilikali ake mochuluka, moti mkodzo wa wodwala umadzaza ndi maselo oyera a m'magazi. Asilikaliwo akafika kudzalimbana ndi mlendoyo, amaphanso maselo a khansa amene poyamba ankangowadutsa.

Tsiku lothira

Wodwala amauzidwa kuti asamwe madzi kapena tiyi kwa maola anayi asanafike, kuti mkodzo usasungunule mankhwala. Namwino amayamba wayeza mkodzo ndi kufunsa ngati thupi latentha kapena ngati mwaoneka magazi. Zonse zikakhala bwino, amavala magolovesi, chophimba kumaso ndi epuloni, amapaka kachubu mafuta ochititsa dzanzi, n'kukalowetsa modekha. Mkodzo wotsalira ukatuluka, amathira mamililita 50 a madzi otuwira, osakankha ndi mphamvu, kenaka amachotsa kachubuko. Zonsezi sizitenga mphindi khumi. Chovuta ndi maola awiri otsatirawo, pamene nkhalamba imene imakodza pafupipafupi iyenera kupirira osapita kuchimbudzi.

Nthawi ikakwana, ngakhale mwamuna amakodza atakhala pansi kuti mkodzo usathovokere pena. Kwa maola 6 otsatira, akakodza amathira Jik m'chimbudzi n'kudikira mphindi 15 asanagujumule, ndipo amasamba m'manja ndi kumaliseche ndi sopo. Amalangizidwa kumwa madzi ambiri, kupewa kugonana kwa masiku awiri ndi kugwiritsa ntchito kondomu nthawi yonse ya chithandizo. Usiku wa tsikulo ambiri amamva kutentha pokodza, amadzuka kangapo, thupi limaphwanya ngati chimfine chikubwera, ndipo nthawi zina mkodzo umafiirira. Zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, koma zimakula mlungu wachitatu ndi wachinayi, ndipo m'pamene ena amataya mtima.

Choopsa chenicheni n'chakuti tizilomboti tilowe m'magazi. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapha. N'chifukwa chake BCG sathiridwa pasanathe milungu iwiri chichitikire opaleshoni, sathiridwa ngati mkodzo uli ndi magazi ooneka ndi maso, ngati muli matenda ena a m'chikhodzodzo, kapena ngati kachubu kakanda njira n'kutulutsa magazi. Namwino wodziwa ntchito yake amabweza wodwala tsiku limenelo, ngakhale atachokera kutali chotani. Munthu amene thupi latentha kupitirira madigiri 38.5 kwa masiku awiri, kapena akunjenjemera ndi kubanika, ayenera kuthamangira kuchipatala n'kukanena kuti anathiridwa BCG. Amapatsidwa mankhwala a TB monga isoniazid, rifampicin ndi ethambutol. Pyrazinamide, amene ali m'gulu la mankhwala a TB amene timawadziwa, sagwira ntchito pa BCG. Kwathu kuno munthu wotentha thupi amayamba waganiziridwa malungo, choncho wodwala amene wabwera kuchokera kunja atalandira chithandizochi ayenera kuyenda ndi kalata yake.

Amayi oyembekezera, odwala TB ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri sapatsidwa BCG. M'dziko limene anthu ambiri ali ndi HIV, dokotala ayenera kuyamba waona mmene chitetezo cha wodwala chilili asanaganize zothira kachilombo kamoyo.

Mankhwala opha maselo

Si wodwala aliyense amene amafunika BCG. Kwa amene chotupa chawo ndi chimodzi, chaching'ono ndi chofatsa, chimene chimathandiza ndi kuthira kamodzi kokha mankhwala opha maselo a khansa opaleshoni ikangotha, pasanathe maola 24, makamaka m'maola oyambirira, maselo oyoyoka aja asanamatirire. Odziwika kwambiri ndi mitomycin C, amene akatswiri a ku Japan anawapeza m'zaka za m'ma 1950 kuchokera ku bakiteriya wa m'dothi. Akasungunulidwa amaoneka obiriwira mopita ku pepo, ndipo akagwera pakhungu amatulutsa zidzolo, kawirikawiri m'zikhatho ndi kumaliseche. Palinso epirubicin ndi gemcitabine. Kafukufuku wa mu 2016 amene anaphatikiza odwala oposa 2,000 anapeza kuti kuthira kamodziku kunatsitsa kubwerera kwa chotupa pa zaka zisanu kuchoka pa 59 kufika pa 45 mwa 100. Wina wa ku America wa mu 2018 anapeza kuti ndi gemcitabine chotupa chinabwerera kwa odwala 35 mwa 100 pa zaka zinayi, pomwe kwa othiridwa madzi amchere okha anali 47. Lamulo lake ndi limodzi: ngati dokotala akukayikira kuti chikhodzodzo chabooka popala, asathire, chifukwa mankhwalawa akadonthera m'mimba amawotcha nyama.

Mankhwala amenewa akhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri zaka zaposachedwapa chifukwa BCG wasowa. Kupanga BCG si kusakaniza ufa. Ndi kuweta chamoyo chimene chimakula pang'onopang'ono, ndipo gulu limodzi limatenga miyezi. Mu 2012 fakitale ya Sanofi Pasteur ku Toronto inaimitsa ntchito oyendera atapezamo chuku pambuyo pa kusefukira kwa madzi, ndipo mu 2016 kampaniyo inalengeza kuti ikusiyiratu. Ku America kunatsala Merck yokha, ndipo pofika 2019 madokotala ankagawa botolo limodzi kwa odwala atatu. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwalawa anasowa chifukwa chotchipa: phindu lake n'lochepa moti makampani sathamangira kumanga mafakitale. Ku University of Iowa madokotala anayamba kuthira gemcitabine kenaka docetaxel motsatizana, ndipo njirayi yafala. FDA inavomerezanso nadofaragene firadenovec mu 2022 ndi nogapendekin alfa mu 2024 kwa odwala amene BCG wawakanika, koma mitengo yake ndi yoti unduna wa zaumoyo wa dziko losauka sungaiganizire n'komwe.

BCG akakanika, kapena chotupa chikafika pamnofu, kawirikawiri chotsala ndi kuchotsa chikhodzodzo chonse. Nthawi zambiri dokotala amadula kachidutswa ka matumbo n'kupanga njira yatsopano, mkodzo n'kumatulukira pamimba kugwera m'kathumba kapulasitiki moyo wonse. Kuthira mankhwala kuja, ndi ululu wake wonse, cholinga chake ndi chakuti munthu asafike pamenepa.

Magazi mumkodzo

Khansa ya m'chikhodzodzo ya kwathu ili ndi nkhope ina. M'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ku Chilwa, kuchigwa cha Shire ndi m'madambo ambiri, ana amasambira m'madzi okhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Nyongolotsi zake, zimene Theodor Bilharz anazipeza ku Cairo mu 1851, zimaikira mazira m'khoma la chikhodzodzo. Mazirawo amakanda ndi kutupitsa kakhungu kaja chaka ndi chaka mpaka kamasanduka kokhakhala, ndipo pakapita zaka makumi awiri kapena atatu pamamera khansa ya mtundu wa squamous. A. R. Ferguson analemba za mgwirizano umenewu ku Egypt mu 1911, ndipo mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mosakayikitsa. Madokotala amene alemba za odwala a m'zipatala zathu zazikulu apeza kuti mtundu umenewu ndi umene wachuluka. Umagwira anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50, amayi ambiri ali momwemo, umalowa msanga mumnofu, ndipo BCG alibe nawo mphamvu.

Ku Egypt komweko zinthu zinatembenuka. Boma litalimbana ndi likodzo, odwala a squamous pachipatala chachikulu cha khansa ku Cairo anatsika kuchoka pa atatu mwa anayi cha m'ma 1980 kufika pa mmodzi mwa anayi pofika 2005, ndipo mtundu woyambitsidwa ndi fodya uja ndi umene unatsala patsogolo. Mapiritsi a praziquantel amene amagawidwa m'sukulu zathu za pulayimale akugwira ntchito yomweyo mwakachetechete. Ngati tipitiriza, odwala a m'tsogolo muno adzakhala ambiri a mtundu umene mankhwala othira amathandiza, bola apezeke msanga.

Pamenepa ndi pamene mtima wanga umawawa. Chizindikiro choyamba cha khansayi ndi magazi mumkodzo, nthawi zambiri opanda ululu, amene amaoneka lero n'kusowa kwa milungu. M'madera a likodzo magazi otere sadabwitsa munthu; pali midzi imene ankawatenga ngati chizindikiro chakuti mnyamata akukula. Bambo wa zaka 55 akapita kuchipatala chaching'ono amapatsidwa praziquantel kapena mankhwala a matenda a m'njira ya mkodzo, magazi amasiya okha monga amachitira, iye n'kuganiza kuti wachira. Mayi amauzidwa kuti mwina ndi za kumwezi. Akamadzafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe amakhala akukodza zibuma za magazi, msana ukuwawa chifukwa impso zatsekeka, ndipo nkhani ya kuthira mankhwala imakhala itapita kale. Sindiimba mlandu dokotala wa kumudzi, amene amaona anthu mazana patsiku ndipo ambiri mwa okodza magazi amakhaladi ndi likodzo. Koma munthu woposa zaka 40 amene wakodza magazi, makamaka ngati amasuta kapena ngati magaziwo abwerera atamwa praziquantel, ayenera kuunikidwa ndi sikani ndi kutumizidwa kokamuyang'ana m'chikhodzodzo ndi kamera.

Kamera imeneyi ndiyo msana wa chithandizo chonse. Wodwala amene wapalidwa chotupa amayang'anidwanso pakatha miyezi itatu, ndipo ngati chinali chaukali amabwerabe miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri, kenaka motalikirana, mwina moyo wake wonse. Kwa mlimi wa ku Nsanje kapena ku Nkhotakota, ulendo uliwonse ndi ndalama ya basi ya anthu awiri ndi masiku otayika kumunda. Ndondomeko ya BCG ya zaka zitatu, imene ndi maulendo 27 othira osawerengera a kamera, ingamugwetse ngakhale mankhwalawo atakhala aulere, ndipo amafunanso firiji yosazima ndi namwino wophunzitsidwa kugwira tizilombo tamoyo.

Kuthira kamodzi kuja kulibe zovuta zimenezi. Wodwala amakhala ali kale pabedi, kachubu kali kale m'malo, ndipo safunika kubweranso chifukwa cha mankhwalawo. Gemcitabine ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika, amapangidwa ndi makampani ambiri a ku India pamtengo wotsika, ufa wake sufuna firiji, ndipo si kachilombo kamoyo koti n'kuopsa munthu wa HIV. Chipatala chilichonse chimene chili ndi dokotala wopala zotupa za m'chikhodzodzo chingathe kulemba m'ndondomeko yake kuti botolo la mankhwalawa lizikhala lokonzeka m'fiyeta tsiku la opaleshoni, ndi kuti wa ku famase azidziwitsidwa dzulo lake.